Wachinyamata akamadzifunsa za umuna kapena ukazi wake, pakhomo n'kumukana

Ku Mangochi kuno mwana sachedwa kuuzidwa chimene ali. Patchuthi cha mu Ogasiti anyamata amapita kundagala kukavinidwa jando, atsikana amapita kunsondo, ndipo tsiku lotuluka, manganje ali mkati, mudzi wonse umachitira umboni kuti uyu tsopano ndi mwamuna, uyo ndi mkazi. Kumadrasa amakhala mbali zosiyana, kumzikiti chimodzimodzi, ndipo m'matchalitchi ambiri amayi ali ndi mabenchi awoawo. Kunyanja nako ntchito zidagawidwa kalekale: mnyamata akwere bwato usiku akakoke chilimira, mtsikana adikire padoko kuti akayanike usipa pathandala. Ana ambiri amalowa m'njira zimenezi popanda vuto, ena mpaka monyadira.

Koma m'boma la anthu oposa 1.1 miliyoni, monga adawerengera pakalembera wa 2018, simungalephere kupezeka ana amene njirazi zimawathina. Mungapeze mtsikana wa zaka 14 amene chiyambire kumera mawere savula juzi ngakhale mu Okutobala, osati chifukwa cha manyazi a utsikana amene tonse timawadziwa, koma chifukwa thupi lake likulowera kumene iye sakufuna kupita. Mungapeze mnyamata amene mawu atayamba kusintha adasiya kuyankha mafunso m'kalasi, amene mtima umakhala pansi akakhala pakati pa alongo ake, ndipo akatsala yekha m'nyumba amayesa chitenje cha amayi ake n'kuchibwezera msangamsanga pachingwe. Ana otere nthawi zambiri alibe dzina la chimene akumva. Amangodziwa kuti pali chosagwirizana, ndiponso kuti akachitchula pakhomo pavuta.

Zikadziwika, pakamwa pa akuluakulu pamatuluka liwu limodzi: mathanyula. Chisokonezo chimayambira pomwepo, chifukwa mathanyula ndi nkhani yogonana, pamene mwana akukalipiridwayo mwina sanagwirepo ngakhale dzanja la munthu. Banja limakhala laphatikiza zinthu zingapo zosiyana n'kuziyesa chimodzi.

Pali thupi lenilenilo, limene azamba amayang'ana tsiku lobadwa n'kulemba m'buku la kusikelo. Kwa ana ambiri palibe chokayikitsa. Koma ena amabadwa ndi ziwalo, mahomoni kapena ma chromosome (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha munthu) osagwera kwathunthu mbali ya umuna kapena ya ukazi, ndipo madokotala amawatchula kuti intersex. Kwa ena zimaoneka pobadwa pomwe, kwa ena zimadzaoneka pakutha msinkhu, monga mtsikana kufika zaka 16 asanayambe kusamba. Izi sizibwera chifukwa choti mayi adadya chakutichakuti ali woyembekezera, kapena kuti adaponda mankhwala panjira. Ndi mmene thupi lidaumbikira m'mimba, ndipo wofunika kumuona ndi dokotala. Tinenerepo kuti kutupa mawere pang'ono kwa mnyamata amene akutha msinkhu n'kofala, ndipo kawirikawiri kumatha kokha.

Kenaka pali kavalidwe, kayendedwe, kayankhulidwe ndi ntchito zimene munthu amakonda. Apa ife Amalawi tiziyankhula modzichepetsa, chifukwa malire a zovala tawaona akusuntha ndi maso athu. Lamulo la Decency in Dress Act la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi, ndipo m'nthawi yomweyo ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Lamulolo lidachotsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, komabe mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula akazi ovala mathalauza m'misewu, mpaka amayi adachita zionetsero. Lero wapolisi wamkazi wovala thalauza sadabwitsa aliyense. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu ku Zomba lidalamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana.

Ndipo maonekedwe sanena zonse. Tabitha Chawinga, katswiri wa mpira amene dziko lonse limamunyadira, adaulula mu 2021 kuti ali wamng'ono adakakamizidwa kuvula pamasewero kuti atsimikize kuti ndi mkazi. Ndi mkazi; okayikawo adali a timu imene ankasewera nayo, chifukwa cha maonekedwe ndi mphamvu zake m'bwalo. Mtsikana wokonda mpira, wometa tsitsi, wodana ndi diresi, nthawi zambiri amangokhala mtsikana wokonda mpira basi. Mnyamata wa mawu ofewa, wodziwa kuphika ndi kuluka tsitsi, nayenso chimodzimodzi.

Chovuta kuchifotokoza ndi chimene sichioneka ndi maso: mmene munthu amadzidziwira mumtima mwake, kuti ine ndine mwamuna kapena ndine mkazi. Ambirife sitidaliganizirepo funsoli chifukwa yankho la mumtima limagwirizana ndi thupi. Kwa anthu ochepa sizigwirizana, ndipo kusagwirizanako si kwa sabata imodzi. Kumakhalapo zaka, kumakula pakutha msinkhu, ndipo kumawawa zenizeni munthu akadziona pagalasi, akamasamba kunyanja ndi anzake, kapena akaitanidwa kuti achimwene pamene iye akudzimva kuti ndi achemwali. Anthu otere ndi amene amatchedwa transgender. Ena sadzimva kuti ali mbali iliyonse mwa ziwirizo.

Za amene munthu amakopeka naye ndi nkhani inanso payokha. Mnyamata angathe kukopeka ndi anyamata anzake koma osakayika n'komwe kuti iye ndi mwamuna, ndipo mwana wodzifunsa za umuna kapena ukazi wake angakhale kuti za chibwenzi sanayambe n'kuziganiza komwe.

Tsono mwana wa zaka 13 kapena 16 akamati "sindikudzimvetsa", palibe angadziwe tsiku lomwelo kuti ndi chiti mwa izi, ngakhale mwiniwakeyo. Palibe kuyeza magazi kumene kungayankhe. Ena amadzifunsa chaka chimodzi kapena ziwiri n'kudzakhazikika monga adabadwira. Ena amadzazindikira kuti nkhani idali ya amene amakopeka naye. Ena maganizowo sachoka mpaka ukalamba. Ndipo kwathu kuno pali chinanso chimene sitiyenera kuchidumpha. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene atsikana ambiri amakwatiwa asanakwane zaka 18. Mtsikana amene waona mkulu wake akusiyira sukulu mu Sitandade 7, n'kukwatiwa ndi mwamuna amene posakhalitsa walowera ku Joni osatumizako kalikonse, akanena kuti "ine sindifuna kukhala mkazi" angakhale akunena za moyo umene akuona akazi akukhala. Wina amadana ndi thupi lake chifukwa pali wamkulu amene adaligwira mosayenera, ndipo sadauzepo munthu. Winanso akunenadi zimene akunenazo, kuti mumtima mwake si mtsikana. Atatuwa amayankhula mawu ofanana, ndipo njira yowasiyanitsira ndi imodzi yokha, kuwamvetsera kwa nthawi yaitali popanda kuwaopseza. Mbama imawatseka pakamwa onse atatu, kuphatikizapo uja amene akadaulula za wamkulu womugwiririra.

A zaumoyo padziko lapansi adasintha kaonedwe kawo pankhaniyi. Bungwe la World Health Organization lidachotsa kukopeka ndi amuna kapena akazi anzako pamndandanda wa matenda mu 1990, ndipo mu 2019, pokonzanso mndandandawo, lidachotsa kusagwirizana kwa mtima ndi thupi m'gulu la matenda a maganizo. Sakunena kuti munthu wotere savutika ayi. Akunena kuti chofunika kuchizidwa ndi kuvutikako, nkhawa, kusowa tulo ndi kutaya mtima. Pamene madokotala akutsutsanabe ndi pa mankhwala opatsa ana. Ku England, lipoti la Dr Hilary Cass la mu Epulo 2024 lidati umboni wa ubwino wa mankhwala oimitsa kutha msinkhu ndi wofooka, ndipo zipatala za boma kumeneko zidasiya kuwapereka wamba, pamene mabungwe ena a madokotala, makamaka ku America, akuona mosiyana. Mkanganowo ndi wa mayiko amene ali ndi zipatala za ntchitoyi. Kwa mwana wa ku Makanjira kapena ku Katuli chotolapo n'chachidule: ngati kumene kuli akatswiri akuyenda mosamala chonchi, kuli bwanji mankhwala ongogula pamsika?

Achinyamata ena amauzana kuti mapiritsi olera amameretsa mawere. Mapiritsiwo adapangidwira ntchito ina, ndipo kuwamwa mwachisawawa kungaundanitse magazi m'mitsempha, zimene zimapha. Kumanga chifuwa ndi bandeji, lamba kapena nsalu yothina tsiku lonse kumalepheretsa kupuma bwino, kumavulaza nthiti ndi kunyula khungu, makamaka kotentha kuno. Malaya otakasuka ndi bra ya masewero zimabisa mokwanira popanda kuvulaza.

Za malamulo tizinene monga zilili, chifukwa makolo ambiri amaopa ndende. Gawo 153 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limapereka chilango chofika zaka 14 pa kugonana kumene lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe, gawo 156 zaka 5 pa zimene limati zonyansa pakati pa amuna, ndipo gawo 137A, limene lidawonjezedwa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, zaka 5 pakati pa akazi. Lamulo la maukwati la 2015 limati umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene adabadwa nawo. Nkhani ziwiri zidamveka dziko lonse. Mu Disembala 2009 Tiwonge Chimbalanga, amene adabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ndi kudzitchula mkazi, adamangidwa pamodzi ndi Steven Monjeza atachita chinkhoswe ku Blantyre. Adagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, n'kukhululukidwa ndi Bingu patangopita masiku ochepa, pamene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, adabwera kuno. Inayo ndi ya kwathu konkuno: mu Disembala 2021 bwalo la majisitireti ku Mangochi lidagamula Jana Gonani, amenenso amadzitchula mkazi, kukakhala kundende ya amuna zaka 8, ndipo umodzi mwa milandu yake udali wa gawo 153. Nkhaniyo idafika kubwalo lounika malamulo aakulu a dziko, limene pa 28 Juni 2024 lidati magawo 153 ndi 156 sakusemphana ndi malamulo aakuluwo, ndipo ofuna kuti asinthidwe apite ku Nyumba ya Malamulo.

Chimene chimaiwalika n'chakuti magawo onsewa amalanga mchitidwe wogonana. Sanena za zimene mwana akumva mumtima, za chovala, kapena za mafunso amene akudzifunsa. Mwana wodzifunsa sanapalamule mlandu, ndipo kholo limene likumusunga silinapalamule. Komabe sindinganamize wachinyamata aliyense kuti pepala la lamulo lidzamuteteza pamsika kapena padepoti, chifukwa gulu la anthu olusa limaweruza poona maonekedwe. Palinso malamulo amene ali mbali ya mwana, ndipo awa satchulidwa kawirikawiri abale akakhala pansi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapatsa kholo udindo womudyetsa, kumuveka, kumupatsa pogona ndi kumuteteza ku nkhanza, ndipo silinena kuti udindowo umatha mwana akakhumudwitsa makolo. Kumuthamangitsa, kumuvulaza kapena kumukwatitsa mokakamiza kuti "awongoke" ndiko kuli ndi mlandu.

Nanga n'chifukwa chiyani makolo okonda mwana wawo amasanduka chonchi? Nkhanza zenizeni zilipo, koma kawirikawiri gwero ndi mantha. Mayi amaganiza zimene amayi anzawo adzanene pamjigo, pamaliro, kudawa kapena kumvano. Bambo amaopa kulozedwa chala kumzikiti Lachisanu. Amalume, amene kwa Ayao ndi Anyanja a kuno ndiwo mwinimbumba, amaona ngati mbumba yawalaka. Palinso chikhulupiriro chenicheni: mashehe ndi abusa ambiri amaphunzitsa kuti Mulungu adalenga mwamuna ndi mkazi ndipo malirewo sadumphidwa, ndipo mu Julayi 2023 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu adayenda limodzi m'misewu ya Blantyre ndi madera ena kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kholo lokhulupirira limaopadi za mwana wake pa tsiku lachiweruzo, ndipo kuseka mantha amenewo sikuthandiza aliyense.

Mantha akakula amafuna wolakwa. Amati walodzedwa, ali ndi majini, yamuwononga ndi foni, kapena amuphunzitsa ndi azungu a ku Cape Maclear. Za foni ndi azungu sizikwana kufotokoza nkhaniyi: Tiwonge adakulira kumudzi ku Thyolo kusanabwere Facebook. Foni imapatsa mwana mawu otchulira zimene akumva, ndipo nthawi zina imamupatsa dzina msanga asanadzimvetse bwino, koma kumvako sikuchokera m'foni. Choona cha m'mbali mwa nyanja n'chakuti kuli akuluakulu a ndalama, akunja ndi akuno omwe, amene amasaka ana osowa pogwira. Mwana wosavuta kumupeza kwa anthu otere ndi amene wathamangitsidwa pakhomo usiku alibe ngakhale ya mandasi. Banja lothamangitsa mwana poopa kuti awonongeka limakhala lamupereka lokha kwa owonongawo.

Ndiye pamabwera zofuna kumukonza: kwa sing'anga kukatemedwa mphini, kumapemphero a usiku wonse kukatulutsidwa ziwanda, kwa anamkungwi kuti akamulangenso, kumupezera mtsikana mwamuna, kapena kumukakamiza mnyamata kuti apeze chibwenzi aonetse chamuna. Choipitsitsa ndi maganizo akuti mtsikana wotere akangolawa mwamuna asintha. Kumeneko ndi kugwiririra, dzina lina kulibe. Palibe mwa njirazi imene idasonyezedwapo kuti imasintha mmene munthu amadzimvera. Chimene mwana amaphunzirapo ndi kubisa. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo pano mphikawo ndi mwanayo.

Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2009, wotsogoleredwa ndi Caitlin Ryan ku California, adafunsa achinyamata okopeka ndi amuna kapena akazi anzawo za mmene makolo adawalandirira. Kwa amene adakanidwa kwambiri pakhomo, ngozi yoyesa kudzipha idali yokwera kuposa ka 8 poyerekeza ndi amene sadakanidwe kapena adangokanidwa pang'ono. California si Mangochi, ndipo ofunsidwawo sadali ana odzifunsa za umuna kapena ukazi, koma mfundo imodzi imatikhudza: ngozi imatsika ngakhale banja litangochepetsa nkhanza, lisanavomereze chilichonse. Kholo lingathe kukhalabe ndi chikhulupiriro chake chonse n'kusiya kumenya, kusiya kutukwana, kusiya kumudyetsa payekha, ndi kuletsa abale kumunyoza. Ine sindikupempha shehe kapena mbusa kuti asinthe chiphunzitso chake, koma sindidamvepo chiphunzitso cholamula kuti mwana wa zaka 15 akagone pakhonde la sitolo.

Kwa iwe amene ukuwerenga izi mobisa pafoni yobwereka: palibe amene akukuthamangitsa kuti upeze yankho chaka chino. Pa TikTok udzaona anzako a kunja akulengeza kuti iwo ndi ndani, makolo n'kuwakumbatira. Ambiri mwa iwo ali m'mayiko amene lamulo limawateteza, ndipo akathamangitsidwa kuli kopita. Iwe sukulu, chakudya ndi pogona zili m'manja mwa anthu amene ukufuna kuwauzawo. Ngati ukuona kuti kuulula kungakuchotsere sukulu kapena kukubweretsera zibakera, kusunga nkhani yako si bodza, ndi kudziteteza. Satifiketi ya MSCE, kapena luso la manja monga utelala, ukalipentala, kukonza mafoni kapena njinga zamoto, ndi zimene zidzakupatse mpata wodzisankhira kokhala ndi kavalidwe ukadzakula.

Pakadali pano mpata ulipo, ngakhale ndi wochepa. Kameteredwe ka tsitsi, mtundu wa malaya, masewero amene umasewera, kwaya, zisudzo za kusukulu, dzina losereula limene anzako awiri okhulupirika amakuitana nalo, zonsezi ndi njira zodziyesera zimene ungazisiye mawa ngati sizikukukhala. Uziona chimene chikukupatsa mtendere weniweni ndi chimene wangotengera kwa ena. Kulemba maganizo m'kope kumathandiza, bola kopelo lisakhale pamene mng'ono wako angalipeze. Ndipo ukadzapeza kuti maganizo asintha, palibe amene wamunamiza, kudzifunsa n'komweko. Ngati ndiwe wopemphera, monga aliri ambiri mwa ana otere, swala kapena pemphero lako palibe munthu angakulande.

Foni ndiyo imagwetsa ambiri. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo uthenga wa pa WhatsApp ukawerengedwa ndi achimwene ako subwereranso. Usatumize chithunzi cha thupi lako kwa aliyense, ngakhale amene akuti amakumvetsa kuposa wina aliyense. Pali anthu amene amadzionetsa ngati anzako pa Facebook, akapeza chithunzi kapena chinsinsi n'kuyamba kufuna ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, apo ayi aulula. Wamkulu amene akukuitanira kuloji, kukulonjeza foni kapena thiransipoti ya ku Joni, sakukuthandiza. Za ku Joniko, n'zoona kuti malamulo a South Africa amateteza anthu otere, ndipo ali ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusintha umuna kapena ukazi wolembedwa pachiphaso. Koma mwana wopanda pasipoti, wodutsa ku Tete ndi ku Beitbridge m'manja mwa anthu osawadziwa, amafika kumeneko ali ndi ngongole, wopanda mapepala, ndipo malamulo abwinowo samufikira.

Funa wamkulu mmodzi. Sikuti amvetse zonse. Angokhala munthu amene sangakumenye ndipo saulula za anzake. Kawirikawiri amakhala azakhali, agogo aakazi, mphunzitsi wolangiza, kapena namwino wa kumalo a achinyamata kuchipatala. Muyese kaye ndi nkhani ya munthu wina, monga ya Tiwonge ija, uone nkhope yake. Sufunika kuyamba ndi mawu akuluakulu a pa intaneti. "Azakhali, pali zimene zikundisowetsa mtendere ndi thupi langali, ndipo ndikuopa kuwauza amayi" n'zokwanira. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana ndi achinyamata, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba mogwirizana ndi boma. Ungayambe ndi za kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, zinazo n'kubwera ukaona kuti wokuyankhayo ndi womvetsera. Kuofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma kuli ogwira ntchito yoteteza ana, ndipo mabungwe monga CEDEP, CHRR ndi Nyasa Rainbow Alliance akhala akuthandiza anthu ochitiridwa nkhanza pazifukwa zotere. Si aliyense wa muofesi kapena wa kuchipatala amene adzakulandire bwino. Wina akakunyoza, kagogode khomo lina.

Maganizo ofuna kudzipha akabwera, imeneyo si nkhani yodikira mawa. Uza munthu tsiku lomwelo, ngakhale osafotokoza chifukwa chake. Nanu makolo, mwana akasiya kudya, akamadzitsekera m'chipinda, akamagawa zinthu zake kapena kunena kuti "posachedwa mupuma", chotsani tameki, mankhwala a kumunda ndi zingwe pamene angazipeze, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse namwino wa zamaganizo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kumamupepusa.

Nkhani ikafika poti abale akhale pansi, amalume ndiwo ali ndi mphamvu yoikulitsa kapena kuichepetsa. Bwalo la mbumba yonse, mwana ali pakati pamphasa aliyense akumuponyera funso, silitulutsa choona. Limatulutsa misozi ndi malonjezo abodza, ndipo pofika madzulo nkhani yafika pamsika. Anthu awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo mmodzi akhale amene mwanayo wamusankha. M'malo moyamba ndi "wakuphunzitsa ndani?", amalume ayambe ndi "Mwanawe, zimenezi zidayamba liti, ndipo pali amene adakuchita choipa?"

Pali zimene banja lingagwirizane popanda wina kugonja pa chikhulupiriro chake. Yunifolomu ya sukulu ndi zovala za kumzikiti kapena kutchalitchi zitsate malamulo a malowo, koma pakhomo mtsikana asakakamizidwe diresi. Za ukwati zisakambidwe mpaka atamaliza sukulu. Abale asamutche maina onyoza. Nkhani isatuluke kubanja. Ngati bambo ndi mwana sangathenso kukhala denga limodzi popanda ndewu, mwambo wathu uli kale ndi njira yake: mwana amakakhala kwa azakhali ku Liwonde kapena kwa agogo ku Namwera, monga amachitira ana ambiri pazifukwa zina. Kuti kumeneko kusakhale kumuthamangitsa, amalume amuperekeze okha, kalata yosamutsira sukulu ikatengedwe kwa ahedi, ndalama ya makope, yunifolomu ndi sopo izitumizidwa teremu iliyonse, ndipo pa Eid kapena pa Khirisimasi azitumizidwa thiransipoti yobwerera kwawo.